Phazi, Nyali ndi Galasi Lokulitsa: Kusankha Zida Zosokera Kwiliti Moyendetsa Nsalu ndi Manja

Posoka mwa masiku onse, amene amayendetsa nsalu ndi makina. Timano tija tili pansi pa singano timaikoka, phazi n'kumaipanikiza, inu n'kumangowongolera. Pa kasokedwe kamene mabuku a makina amakatcha free-motion zinthu zimatembenuka. Timano timatsitsidwa, nsalu n'kumayenda ndi manja anu okha, kutsogolo, kumbuyo, cham'mbali, mozungulira, ngati munthu woyendetsa pepala pansi pa pensulo yoima malo amodzi. Kutalika kwa sitichi iliyonse kumadalira mmene liwiro la manja likugwirizanira ndi liwiro la singano. Komanso kwiliti ndi yochindikala: nsalu yapamwamba, thonje lapakati, nsalu yapansi. Imatukumuka pena, n'kulowa pena, motero imadzichitira yokha timithunzi. Ngati simukuona bwino pamene singano ikulowa ndi kumene mukufuna ipite, maluwa amene munawajambula m'mutu amatuluka ngati papalasa nkhuku.

Ambiri akayamba kuvutika kuona amathamangira galasi lokulitsa zinthu. Inenso ndinayambira komweko, ndipo galasilo linatha miyezi lili m'dilowa chifukwa linkangondikulitsira mthunzi womwewo umene unkandisokoneza. Ndiye malangizo anga ayenda mwa dongosolo ili: muyambe ndi phazi, kenako nyali, kenako mandala anu, galasi lokulitsa pamapeto. Nthawi zambiri mukafika pa nyali mupeza kuti maso anu analibe mlandu.

Gawo loyamba: konzani tinsalu toyesera, muyeze mtunda

Dulani timakwiliti tiwiri toyesera, kalikonse masentimita 30 mbali zonse, ndi thonje lomwelo limene mumagwiritsa ntchito. Kamodzi kakhale koyera, mukasoke ndi ulusi woyera. Kena kakhale kakuda kapena kabuluu woderako, mukasoke ndi ulusi wofanana nako. Mitundu iwiriyi ndi imene imavumbula mavuto onse a kaonedwe. Ulusi wofiira pa nsalu yoyera aliyense amauona, sungakuuzeni kanthu.

Khalani pampando monga mumakhalira posoka zenizeni, osadzikonza kuti muoneke bwino. Sokani timizeremizere tozungulira kwa mphindi zisanu, kenako yesani kubwerera pa msoko umene mwasoka kale, kuuponda ndendende. Pamene mukutero dzifunseni kuti chikukulepheretsani n'chiyani. Kodi phazi likuphimba mzere? Pali mthunzi kumbuyo kapena kumanja kwa singano? Pali china chikunyezimira n'kumakuthobwani m'maso? Kapena zonse zili poyera koma mukuona chimbuuzi? Mafunso anayiwa ali ndi mankhwala osiyana.

Musanadzuke, wina akuyezeni ndi tepi kuchokera pa diso kufika pa nsonga ya singano. Ambiri amapeza masentimita 30 mpaka 40. Lembani nambalayo, idzafunika kutsogoloku.

Gawo lachiwiri: dziwani mwendo wa makina anu

Phazi labwino bwanji likapanda kugwirizana ndi mwendo wa makina ndi chitsulo chabe. Tsitsani phazi limene lilipo, muyeze kuchokera pa mbale ya singano kufika pakati pa sikuluwu imene imamanga phazi. Mukapeza pafupifupi theka la inchi, ndiye kuti sentimita imodzi ndi pang'ono, makina anu ndi a mwendo waufupi, umene pa mapaketi amalemba low shank. Makina ambiri a m'nyumba ali m'gulu limeneli. Mukapeza inchi imodzi kapena kupitirirako pang'ono, ndi a mwendo wautali, high shank, monga makina ambiri akuluakulu ndi osoka msoko wowongoka wokha mothamanga. Pali makina ena akale a Singer, monga 301 ndi 401, amene mwendo wake ndi wopendekeka, ndipo amafuna mapazi akeake. A Bernina nawonso ali ndi kamangidwe kawokawo kopanda sikuluwu, phazi limalowa pa kachitsulo kosongoka n'kutsekedwa ndi kakowero.

Tizitsulo tolumikizira phazi la mtundu wina pa makina a mtundu wina tilipo, koma pa kasokedwe aka muzitikayikira. Timatha kusuntha phazi pang'ono moti singano siikhalanso pakati pa bowo. Phazi lililonse latsopano mukalimanga, musaponde chopondera kaye. Zunguzani gudumu ndi dzanja, kulozetsa kwa inu, singano itsike ndi kukwera kawiri katatu, muone ngati siikukhudza paliponse.

Gawo lachitatu: sankhani phazi

Apa tikhalitsapo, chifukwa kusankha bwino kumafuna kudziwa chimene phazilo likuchita. Singano ikafika pansi n'kuyamba kukwera, ulusi wapamwamba umapanga kalupu kakang'ono kumbuyo kwake, ndipo kambedza ka shatulo, kachitsulo ka pansi pa singano kamene kali ndi ulusi wapansi, kamakola kalupuko. Ngati nsalu ikukwera pamodzi ndi singano, kalupu sikapangika, kambedza kamadutsa chabe, sitichi n'kudumphidwa. Ntchito ya phazi ndi kugwira nsalu kuti isanyamuke pa nthawi imeneyo, kenako kuisiya kuti manja anu aiyendetse. Mapazi onse a free-motion amachita zomwezi m'njira ziwiri.

Njira yoyamba ndi phazi lodumpha, limene limalembedwa darning foot. Lili ndi sipuling'i, ndi kamtanda kamene kamagona pamwamba pa sikuluwu yomanga singano. Singano ikamakwera imanyamula kamtandako, phazi n'kudzuka. Ikamatsika, sipuling'i imalikankhira pansi. Polimanga onetsetsani kuti kamtandako kali pamwamba pa sikuluwu. Kakakhala pansi pake phazi silidumpha, ndipo kakhoza kupindika kapena kuthyoka. Ubwino wa phazi ili ndi wakuti limakhululuka. Limadutsa pamene misoko yambiri yakumana, limagwira thonje lochindikala ndi lopyapyala, ndipo kawirikawiri silidumphitsa masitichi. Kuipa kwake ndi phokoso la tcheketcheke, komanso kudumphako kumatopetsa maso chifukwa chinthu chimene chili pafupi kwambiri ndi pamene mukuyang'ana sichikhazikika.

Njira yachiwiri ndi phazi loyandama. Ili silidumpha, limangokhala pamwamba pa nsalu pa msinkhu umodzi umene mwaliikira, nthawi zambiri pozunguza kasikuluwu ka pamwamba pake. Maso amapuma, phokoso limachepa. Koma msinkhuwo muyenera kuupeza nokha, ndipo umasintha mukasintha thonje. Kaupezedwe kake ndi aka: ikani kwiliti, tsitsani phazi, litsitseni ndi kasikuluwu mpaka ligwire nsalu, ndiye mubweze pang'onopang'ono mpaka kwiliti iyambe kutsetsereka popanda kukodwa. Imani pomwepo. Likakwera kwambiri masitichi amadumpha ndipo ulusi umaduka. Likatsika kwambiri limakankha nsalu yapamwamba n'kupanga makwinya. Osoka ena amasandutsa phazi lodumpha kukhala loyandama popinda kamtanda kaja kuti kasakhudze sikuluwu, n'kumanga kalabala pamwamba kuti phazi likhale pa msinkhu umene akufuna. Zimagwira, koma muchite pa phazi limene simungalilire.

Mukasankha pakati pa awiriwa, yang'anani kumapeto kwa phazi. Lotsekeka ndi mphete yathunthu. Silikola zinthu, choncho ndi labwino m'mphepete mwa kwiliti, pa nsalu zosokeredwa pamwamba pa zinzake, ndi pamene pali ulusi wogwiriziza umene mudzausomole. Lotsegula kutsogolo lili ngati chilembo C kapena U. Limakuonetsani singano ndi mzere bwinobwino, ndipo kukokera ulusi wa bobini pamwamba poyamba msoko sikuvuta. Koma nyanga zake ziwirizo zimakola ulusi wolendewera, mapini, ngakhale mpendero umene sunagone. Ine ndimasoka ndi lotsegula nthawi zambiri, n'kusintha ndikafika m'mphepete.

Za pulasitiki woonekera ndi chitsulo, anthu amayembekeza kuti woonekera ndiye wabwino chifukwa ukuona kudutsa. Si nthawi zonse. Pulasitiki wochindikala amakhotetsa mzere umene uli pansi pake, amanyezimira nyali ikamuwomba, ndipo akakalamba amakandika n'kuchita chifunga. Kamphete kachitsulo kopyapyala kamaphimba malo ochepa kwambiri. Pamene pulasitiki amapambana ndi pa phazi lalikulu looneka ngati kambale, lokhala ndi mizere yozungulira. Limathandiza kusoka mizere yotsatana motalikirana mofanana, ndipo limatsetsereka pa thonje lofufuma popanda kukodwa.

Pali phazi lina losokera motsamira rula, ruler foot. Ndi mphete yokhuthala, yaitali m'mwamba ngati kakhoma, ndipo kuchokera pa singano kufika kunja kwa mphete ndi kota ya inchi mbali zonse, pafupifupi mamilimita 6. Kutanthauza kuti msoko wanu udzagwa mamilimita 6 kuchokera pa rula, ndipo muyenera kuwerengera zimenezo poika rulayo. Singano ikhale pakati penipeni, apo ayi mizere yopita kumanja ndi yopita kumanzere siitalikirana mofanana. Marula ake ndi okhuthala mosiyanasiyana malinga ndi mwendo wa makina, choncho werengani zimene wopanga phazilo wanena. Muzitsitsa phazi musanatsitse singano, chifukwa pa makina ena phazi likakhala m'mwamba sikuluwu ya singano imaliwomba.

Musayese kutsamiritsa rula yodulira nsalu pa phazi lodumpha. Ndinayesapo tsiku lina ndili pa changu, ndikufuna kamzere kamodzi kokha kowongoka. Phazi litadumpha, rula inalowa pansi pake, singano inatera pa pulasitiki, thyo! Kansonga kanandimenya pa mandala, ndipo makina anayamba kudumphitsa masitichi mpaka anakawaona wokonza.

Phazi loyenda, walking foot, ndi la kwiliti ndithu koma si la ntchito ino. Limagwira ntchito ndi timano, limafuna nsalu iziyenda kutsogolo. Ndipo ngati makina anu ndi a mtundu umene uli ndi phazi lowerenga kayendedwe ka nsalu, monga BSR ya Bernina imene imasintha liwiro la makina kuti masitichi afanane, dziwani kuti ndi lokulirapo ndipo limadya malo ena oonera. Liyeseni pa kansalu koyera kaja musanalikonde.

Chinthu chimodzi chimene chimagwetsa aliyense: phazi loyandama likakhala m'mwamba ndi likakhala pansi limaoneka pafupifupi chimodzimodzi pa kwiliti yochindikala. Mukaiwala kulitsitsa, timbale ta tenshoni, timene timapana ulusi wapamwamba kuti ukungike, timakhala totsegula, ulusi wapamwamba umangotsanuka, ndipo mukatembenuza kwiliti mupeza ulusi wopiringizana ngati chisa cha mbalame. Ngati muli ndi mbale ya singano ya kabowo kamodzi kozungulira, ikanipo. Imachepetsa kulowa kwa nsalu m'bowo, ndipo masitichi amakongola.

Gawo lachinayi: nyali

Babu limene linabwera ndi makina linaikidwa poganizira munthu wosoka mpendero, amene amangoyang'ana kutsogolo kwa phazi. Inu mukuyang'ana mbali zonse, ndipo mbali ziwiri zimakhala mumdima: kumbuyo kwa singano, ndi kumanja pansi pa mkono wa makina kumene kwiliti yokulungidwa imadzazana.

Yambani ndi chipinda. Musasoke mu kadziwe ka kuwala pakati pa mdima, chifukwa nthawi iliyonse mukadzutsa mutu maso amayamba kuzolowera mwatsopano, ndipo pakatha ola mutu umalemera. Nyali yam'mwamba iziyaka. Ngati pali windo likhale cham'mbali. Likakhala kutsogolo kwanu, kuseri kwa makina, singano imaoneka ngati chithunzithunzi chakuda.

Kenako werengani manambala a pa paketi, ndi atatu okha ofunika. Ma watt amangonena magetsi amene babu likudya, kuwala kwake kumayezedwa ndi ma lumen, ndiyo nambala yoyamba. Nambala yachiwiri ili ndi K kumapeto, ndiyo mtundu wa kuwalako: 2700K ndi kwachikasu ngati mababu akale, 4000K ndi koyera kofatsa, 5000K mpaka 6500K ndi kofanana ndi masana. Posoka, pakati pa 4000K ndi 5000K ndi pamene ndimakhazikika ine. Pa 6500K nsalu yoyera imathobwa m'maso, makamaka usiku. Yachitatu ndi CRI, imene imanena mmene nyaliyo ikuonetsera mitundu moona, ndipo imathera pa 100. Funani 90 kapena kuposa. Nyali ya CRI yotsika imachititsa buluu woderako kuoneka wakuda, n'kudzazindikira m'mawa kuti mwasoka theka la kwiliti ndi ulusi wolakwika. Nyali zonse zozungulira makina zikhale za K yofanana kapena yoyandikana.

Kuwala kumene kwafika pa nsalu kumayezedwa ndi ma lux. Muyezo wa ku Ulaya wa kuwala m'malo antchito, EN 12464-1, umaika 500 pa ntchito zolembalemba za mu ofesi ndi 750 pa ntchito yosoka. Ulusi wakuda pa nsalu yakuda umafuna kuposa pamenepo chifukwa nsaluyo imameza kuwala. Zaka nazonso zimawerengedwa: diso la munthu wa zaka 60 limalowetsa kuwala kochepa kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kumene limalowetsa diso la wa zaka 20. Ngati mwana wanu akuti pawala kale koma inu mukuona chizirezire, nonse mukunena zoona. Pa foni pali mapulogalamu oyeza ma lux. Sakhala olondola ndendende, koma amakwanira kuyerekeza pamene pali singano ndi kumanja kwake. Musanagule nyali yamphamvu, sendezani imene muli nayo: kanyali kakang'ono mukakabweretsa pa theka la mtunda umene kanali, kuwala pa nsalu kumachuluka pafupifupi kanayi.

Tsopano kaikidwe. Choyamba, kalamba ka ma LED komata pansi pa mkono wa makina, kuchokera pafupi ndi singano kupita kumanja. Pukutani malowo ndi spiriti kuti mafuta achoke, apo ayi kadzamatuka pakati pa ntchito. Kamateni cham'kati kuti timababu tisaonekere kwa inu mukakhala pansi. Waya adutse kumbuyo, kutali ndi gudumu, lamba ndi njira ya ulusi, ndipo musatseke mabowo opumira makina.

Chachiwiri, ndipo ichi ndi chimene chinasintha kasokedwe kanga, nyali ya khosi lopindika yoikidwa pansi kwambiri, kuwala kwake kuzidutsa mokwawa pamwamba pa nsalu. Tengani kansalu koyera kaja. Nyali ikakhala pamwamba penipeni, zonse zili mbee, msoko sukuoneka. Tsitsani mutu wa nyali pang'onopang'ono chakumanzere mpaka utatsala masentimita ochepa kuti ukhudze nsalu. Mwadzidzidzi msoko uliwonse umasanduka kangalande kokhala ndi mthunzi wake, maluwa onse amene mwasoka amadzuka. Pa ulusi wofanana ndi nsalu, chimene mumatsata ndi mthunziwo, ulusi weniweniwo simuuona. N'chifukwa chake pa zoyera zokhazokha nthawi zina ndimachepetsa kapena kuzimitsa kalamba ka pansi pa mkono, chifukwa kamafufuta mithunzi imene ndikuifuna. Nyali zambiri si nthawi zonse pamene zimathandiza.

Malo a nyaliyi asatsekereze kwiliti. Imangeni pa thupi la makina kapena kumbuyo kwa tebulo, khosi lake libwere modutsa pamwamba. Za maginito zimagwira pa makina akale achitsulo, koma pa apulasitiki ndi a aluminiyamu zimangogwa. Ngati dzanja lanu lamanzere likuponya mthunzi pa singano, sunthirani nyali kumbuyo pang'ono kuti kuwala kubwere mopingasa. Ngati mbale ya singano, rula kapena ulusi wonyezimira zikukubwezerani kuwala m'maso, musasinthe nyali, sinthani ngodya yake basi.

Nyali yotha kuchepetsedwa ndi yabwino, poti nsalu yakuda ndi yoyera sizifuna kuwala kofanana. Koma ma LED ena akachepetsedwa amaphethira mofulumira kwambiri. Diso silikuona kuphethirako mwachindunji, koma pa singano yothamanga mumaona ngati pali masingano angapo, ndipo mutu umapweteka. Yesani pogwedeza pensulo mofulumira pansi pa nyaliyo. Mukaona mapensulo angapo oimaima m'malo mwa chifunga chimodzi, nyaliyo ikuphethira. Kamera ya foni nayonso imaonetsa mizere yakuda yoyenda. Ngati makina anu ndi akale a babu lotentha la 15 watt, limene limawotcha kuseri kwa dzanja, pali mababu a LED olowa m'malo mwake. Tulutsani lakalelo muone ngati ndi lopotokola ngati sikuluwu kapena lokankha n'kukhotetsa.

Bwererani ku tinsalu tiwiri tija, musokenso. Ngati tsopano mukuona, ntchito yatha, magawo awiri otsatirawa si anu.

Gawo lachisanu: mandala

Ngati mthunzi wachoka koma chimbuuzi chidakalipo, ndiye nkhani ya diso. Kuyambira zaka za m'ma 40 diso limayamba kulephera kuona zapafupi, ndipo zimenezi zimagwera aliyense. Mandala owerengera amalembedwa mphamvu monga +1.50 kapena +2.50. Gawani 100 ndi nambalayo, mupeza mtunda wotalikitsitsa umene munthu woona bwino zakutali angaone nawo bwino: a +2.50 amafika masentimita 40, a +3.00 amafika 33. Nambala imene munalemba ija igwire ntchito apa. Ngati singano ili pa masentimita 40 ndipo mwavala a +3.50, mudzangowerama kuti muyandikire, msana n'kulipira.

Amene amavala mandala ophatikiza, oonera kutali pamwamba ndi pafupi m'munsi, amakumana ndi vuto lina. Malo oonera pafupi ndi aang'ono, ndiye munthu amapendeketsa mutu kufunafuna pamene singano ikuoneka, ndipo kwiliti yam'mbali imaoneka yopindika. Khosi limauma. Mankhwala ake ndi mandala a mphamvu imodzi osokera okha. Pitani kwa dokotala wa maso ndi muyezo wanu wa masentimita, mumuuze ntchito imene mumagwira. Mandala ogula okonzeratu ali ndi mphamvu yofanana mbali zonse, pamene maso a anthu ambiri ndi osiyana. Ndipo ngati nyali iliyonse ikukuthobwani, kapena kuona kwasintha mwadzidzidzi, musazengereze ndi zogula, kapimitseni. Zikhoza kukhala ng'ala kapena vuto lina limene nyali singachize.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: galasi lokulitsa, ngati likufunikadi

Galasi lokulitsa limapereka ndi dzanja limodzi n'kulanda ndi linalo. Likamakulitsa kwambiri, malo amene mukuona amachepa, mtunda wogwirira ntchito umafupika, ndipo chinthu chikangosuntha pang'ono m'mwamba kapena pansi chimachita chimbuuzi. Posoka moyendetsa nsalu maso amayenera kukhala patsogolo pa singano, kuona kumene kwatsala mpata ndi kumene mungatsekeredwe. Galasi lamphamvu limakuonetsani sitichi zokongola kwinaku mukulowa pakona popanda potulukira.

Mphamvu yake imalembedwa m'ma diopter kapena ndi x. Kuti musinthe, gawani ma diopter ndi 4 n'kuwonjezera 1. La ma diopter 3 limakulitsa 1.75x ndipo chinthu chimatha kutalikira mpaka masentimita 33 kuchokera pa galasi. La 5 limakulitsa 2.25x pa masentimita 20. La 8 limakulitsa 3x koma pa masentimita 12 ndi theka okha, moti manja ndi kwiliti zimasowa podutsa. Pa ntchito ino musapitirire 2x. La 3x lisungireni kusomola misoko ndi kuyang'ana ngati nsonga ya singano yabuntha.

Mitundu yake ilipo itatu. Lomangirira pa makina, kutsogolo kwa singano, limakhala pamalo amodzi ndipo mukhoza kusuzumira pamwamba pake kuti muone kwiliti yonse. Makampani ena monga Bernina ndi Janome amapanga akeake olowa pa kabowo kokonzeratu. Onetsetsani kuti limatembenukira pambali polowetsa ulusi, ndiponso kuti silinjenjemera makina akathamanga, chifukwa kunjenjemera nakonso kumakulitsidwa. Lovala kumutu ngati chipewa, kapena lopanira pa mandala, limayenda ndi mutu wanu ndipo maso onse awiri amaona, kotero kuzama kwa zinthu sikusokonekera. Sankhani lotha kutukulidwa, ndipo muzilitukula musanadzuke pampando, apo ayi chizungulire. Lachitatu ndi nyali ya patebulo yokhala ndi galasi pakati. Ndi yabwino posoka pamanja, koma pa makina imavuta kuilowetsa pakati pa nkhope yanu ndi mutu wa makina, ndipo kuwala kwake kochokera mbali zonse kumapha mithunzi ija tinaivutikira.

Galasi lenileni silikandika msanga koma ndi lolemera. Lapulasitiki ndi lopepuka, lipukuteni ndi kansalu kofewa kokha. Lija lopyapyala la mizere yozungulira ngati pepala lisiyeni, limasokoneza m'mphepete. Poyesa, yang'anani mzere wowongoka kudutsira m'galasi. Ngati ukupindika pafupi ndi pakati, lidzakunamizani posoka. Masiku oyamba manja amadabwa, chifukwa kuyenda kwakung'ono kumaoneka kwakukulu ndipo mumayamba kusoka timasitichi ting'onoting'ono. Chepetsani liwiro la makina mpaka manja ndi maso zimvane.

Mukamaliza, livindikireni. Galasi lokulitsa losiyidwa pamene dzuwa limafika limasonkhanitsa kutentha pa kadontho kamodzi, ndipo pansi pake pali thonje.

Gawo lomaliza: yesani chimodzichimodzi

Musasinthe zinthu zitatu tsiku limodzi, simudzadziwa chimene chathandiza. Sinthani chimodzi, musoke mphindi khumi pa kansalu koyera ndi khumi pa kakuda, mulembe pa kansaluko ndi cholembera: phazi liti, nyali ili kuti, mandala ati. Yesani masana, muyesenso usiku, chifukwa nyali imene imakwanira dzuwa lili m'chipinda imatha kuchepa kukada. Mphindi 20 zilizonse imani singano ili pansi, muyang'ane chinthu chakutali mamita 6 kwa masekondi 20, muphethire kangapo, poti munthu akamatsata singano amaiwala kuphethira ndipo maso amauma. Mukapeza pamene nyali yokwawa ija ikudzutsa misoko bwino, matani katepi patebulo kapena pa makina posonyeza malo ake, chifukwa kwiliti yaikulu ikamatembenuzidwa idzaigunda ndithu.